Mwendo wa ng'ombe ndi mvuu kuthambo: zolemba za ulendo wa ku Egypt

Lachiwiri, Cairo

Tafika bwino, abale. Kuno kukuzizira, ndipo dalaivala amene anatitenga pabwalo la ndege anati nzosadabwitsa chifukwa uno ndi mwezi wa Touba. Ukatha umenewu kubwera Amshir, mwezi wa mphepo ndi fumbi. Pa foni yake palembedwa January ngati pa yanga, koma nkhani ikakhala ya nyengo kapena ya kumunda, iye ndi makolo ake amawerenga miyezi ya kalendala ya mpingo wa Coptic. Kalendala imeneyi ili ndi miyezi 12 ya masiku 30 uliwonse, kenaka kamwezi ka masiku 5 kapena 6 kumapeto. Maina a miyeziyo ndi a m'nthawi ya mafarao: Tout ndi wa mulungu Thoth, Hatour ndi wa Hathor. Amene munadutsapo ku Addis Ababa mukudziwa kuti ku Ethiopia nako chaka chili ndi miyezi 13. Gwero lake ndi lomweli.

Chimene chandibweretsa kuno si golide wa Tutankhamun ayi. Ndikufuna kuona ndi maso anga m'mene anthu akale a dziko lino ankalionera thambo ndi maina amene ankapatsa nyenyezi. Agogo anga aakazi ankatilozera Nsangwe, Nthanda ndi Mlalang'amba tili pabwalo, koma kusukulu ndinakapeza maina ena, a Chigiriki ndi Chilatini, ngati kuti thambo linali lisanatchulidwepo ndi munthu. Kuyambira pamenepo ndimafuna kudziwa chimene chimachititsa kuti dzina lina likhalitse, lina life.

Usiku uno ndinakwera padenga la hotela. Fumbi ndi magetsi a mzinda zaphimba pafupifupi zonse, kungotsala Sirius ndi nyenyezi zowala za Orion, zija timati Akamwiniatsatana. Koma zaima mwina. Kwathu zimadutsa pafupi ndi pamutu, chakumpoto pang'ono, yofiira ija ya Betelgeuse ili kumunsi. Kuno uyenera kuyang'ana kummwera, ndipo yofiirayo ili pamwamba.

Lachitatu, Saqqara

M'mawa tinadutsa ku Giza mwachangu. Chimodzi chokha ndilembe: mbali za piramidi yaikulu ya Khufu zinalunjika kumpoto, kummwera, kum'mawa ndi kumadzulo molondola kwambiri, moti kuphonya kwake sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a digiri. Omanga ake analibe kampasi. Anali ndi chingwe, kamwala kolendewera, dzuwa ndi nyenyezi.

Mtima wanga unali ku Saqqara, ku piramidi ya mfumu Unas, amene anamwalira cha m'ma 2350 BC. Kunja kwake ndi mulu wa miyala yogumuka, ndipo alendo ambiri amangoidutsa kuthamangira ya Djoser. Khomo lake lili kumpoto. Umatsika chowerama m'kanjira kopapatiza, bondo likugunda pachifuwa, kenaka umaweramuka m'chipinda chimene makoma ake alembedwa kuyambira pansi mpaka pamwamba, mizere yoimirira, zilembo zopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo. Awa ndi malemba akale kuposa onse opezeka m'mapiramidi. Ukakweza mutu, denga lonse ndi nyenyezi za nsonga zisanu, zondandalikidwa mofanana, kuchokera khoma lino mpaka lija.

Bambo amene akutiperekeza, munthu wachikulire wophunzira za mbiri, anaunika ndi tochi nkutifotokozera zimene malembawo akunena. Mfumu ikafa ikwera kumwamba kukakhala pakati pa ikhemu-sek, nyenyezi zosadziwa kuwonongeka. Zimenezi ndi nyenyezi za kumpoto zimene sizilowa pansi, zimangozungulira malo amodzi usiku wonse, chaka chonse. Nyenyezi zina zonse zimatuluka kum'mawa nkukalowa kumadzulo, ndipo kwa anthu amenewa kulowa kumadzulo kunali kufa. Tsono zosalowazo anati nzosafa. Nchifukwa chake khomo linayang'ana kumpoto.

Ife a ku Malawi nkhani imeneyi tiyenera kuiganizira kawiri, chifukwa nyenyezi ya kumpoto ija, Polaris, sitinaionepo kwathu. Ili kunsi kwa dziko nthawi zonse. Nyenyezi zisanu ndi ziwiri zimene Angerezi amati Plough kapena Big Dipper timangoziona pansipansi chakumpoto madzulo a April ndi May. Kuno ndizo zinali mwini thambo la kumpoto, ndipo dzina lake linali Meskhetyu, mwendo wakutsogolo wa ng'ombe yamphongo.

Malemba omwewo amatchulanso Sah, amene ali m'nyenyezi za Orion, ndi Sopdet, amene ndi Sirius. Mfumu imauzidwa kuti izituluka kum'mawa pamodzi ndi Sah, Sopdet akuwatsogolera njira. Meskhetyu, Sah ndi Sopdet: maina atatu amenewa ndiwo akatswiri onse amagwirizana kuti akuloza nyenyezi ziti. Ena ambiri amakanganirana mpaka lero.

Lachinayi, Cairo

Tsiku lonse ndakhala m'nyumba yosungiramo zakale ya pa Tahrir, imene inatsegulidwa mu 1902. Miyendo ikuwawa koma ndilembe zisanazizire m'mutu.

Pali mabokosi a maliro a matabwa ochokera ku Asyut, a cha m'ma 2000 BC, a nduna ndi akuluakulu a m'zigawo. Chimene ndinadzera chili kunsi kwa chivindikiro, kumene wakufayo akanachiona atagona chagada, ndiye otiperekeza aja anandionetsa chithunzi chake chachikulu nkundiphunzitsa kawerengedwe. Ndi tebulo la mizere. Yoimirira ikuimira masabata awo, amene anali a masiku 10, ndipo pachaka analipo 36. Yopingasa ilipo 12, maola a usiku. M'kabokosi kalikonse mwalembedwa dzina la nyenyezi kapena kagulu ka nyenyezi kamene kamadziwitsa ola limenelo. Popeza nyenyezi iliyonse imafulumira kutuluka ndi mphindi pafupifupi 4 tsiku lililonse, pakatha masiku 10 dzina lija limasunthira ku ola loyambirirapo. Ukatsata dzina limodzi ndi chala, umaona likukwera chopendekera mpaka kutha pamwamba.

Timagulu 36 timeneti Agiriki anadzatitcha ma decan. Maina ake ndi a anthu amene ankayang'anitsitsa: pali Kenmet, pali "wotsogolera Kenmet", pali "wa kunsi kwa thako la Kenmet", pali "wa pakati pa bwato", pali "nkhosa". Pali Khau, kutanthauza zikwizikwi, amene akatswiri ena amati ndi Nsangwe. Ndipo kugawa usiku m'maola 12 kunayambira pomwepa. Usana nawo unadzagawidwa chimodzimodzi, ndiye maola 24 amene ali pa wotchi yanu.

Mtsogoleri wa onsewa anali Sopdet. Chaka chilichonse Sirius amasowa kuthambo kwa masiku pafupifupi 70, dzuwa likamuyandikira, kenaka tsiku lina amaonekeranso kum'mawa m'bandakucha. Kalelo zimenezi zinkachitika mu July, nthawi yomwe mtsinje wa Nile unkayamba kudzaza. Madziwo ankachokera ku mvula ya m'mapiri a ku Ethiopia, imene iwo sankaiona. Chimene ankaona ndi nyenyezi kubwerera, mtsinje nkutsatira. Masiku 70 omwewo ndiwo ankakonzera mtembo usanaikidwe, ndipo zolemba zawo zina zimalumikiza ziwirizi poyera: nyenyezi imakhala m'dziko la akufa masiku 70, nkubadwanso. Owerenga Baibulo mukumbukira kuti pa Genesis 50 Yakobo anamulira masiku 70 m'dziko lino.

Chaka chawo chinali ndi nyengo zitatu za miyezi inayi-inayi: Akhet ya kusefukira, Peret ya kumera, Shemu ya kukolola. Masiku 360, kuwonjezapo 5 amene ankati ndi obadwa a milungu Osiris, Horus, Seth, Isis ndi Nephthys. Koma chaka chenicheni chimaposa 365 ndi maola pafupifupi 6, choncho kalendala inkathawa nyenyezi ndi tsiku limodzi pa zaka 4 zilizonse, ndipo zinkakumananso patatha zaka 1,460. M'nyumba momwemu muli mwala wa lamulo la ku Canopus la chaka cha 238 BC, pamene mfumu Ptolemy III inalamula kuti pazikhala tsiku lowonjezera pa zaka zinayi zilizonse. Lamulolo silinagwire. Anadzaligwiritsa ntchito ndi Julius Caesar ku Rome mu 46 BC, atalangizidwa ndi Sosigenes wa ku Alexandria. February 29 wathu uja ali ndi mizu pamwala umenewu, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali anthu akungodutsa.

Loweruka, Luxor

Tinabwera pa sitima ya usiku, ndipo dzulo ndinangogona. Lero tinawoloka mtsinje m'mawa kupita ku Chigwa cha Mafumu.

Manda a Seti I ali ndi tikiti yakeyake, yodula kuposa ena onse m'chigwachi. Ndinalipira osadandaula, ndipo aliyense amene adzabwere kuno chifukwa cha nyenyezi asadzaumire. Mfumuyi inamwalira cha m'ma 1279 BC, ndipo mandawa anawapeza Giovanni Belzoni mu 1817. Umatsika masitepe, nkutsikanso, mpweya ukunka nufunda, mpaka kufika m'chipinda chachikulu cha denga lokhota. Dengalo ndi lakuda mobiriwira, zithunzi zake zachikasu ngati golide.

Mbali imodzi ndi thambo la kumpoto. Chimene chimayamba kukugwira maso ndi mvuu yaikazi yoima ndi miyendo iwiri, mimba patsogolo, ng'ona itakwera kumsana kwake mutu uli pamwamba pa mutu wa mvuuyo. Dzanja lake latsamira pa chikhomo chomangirapo bwato. Patsogolo pake pali ng'ombe yamphongo, Meskhetyu uja, pano wajambulidwa ng'ombe yathunthu. Pali munthu wa mutu wa kabawi, pali mkango wogona wokhala ndi timadontho ta nyenyezi mozungulira thupi, pali ng'ona ina, pali mulungu wamkazi Serqet. Uku ndi uku kwandanda milungu yosenza mipira yofiira pamutu.

Tanthauzo la chikhomo ndinalimva bwino titalowa m'manda a Ramesses VI. Malemba a padenga pamenepo akunena kuti mwendowo ndi wa Seth, mulungu wa chisokonezo amene anapha Osiris, ndipo unamangidwa ndi unyolo wagolide ku zikhomo za mwala kumpoto kwa thambo, Isis nkupatsidwa ntchito youlondera ali m'thupi la mvuu. Taganizani mbuzi yomangidwa pachikhomo kudambo, m'mene imazungulira tsiku lonse osapitirira utali wa chingwe. Anthu amenewa anaona nyenyezi zisanu ndi ziwiri zikuzungulira malo amodzi osachokapo, ndipo anati chilipo chazimanga, ndipo nkwabwino kuti zikhale zomangidwa. Ine nkhani imeneyi ndaikonda kuposa ya Agiriki, amene ankati nyenyezi zomwezi zili m'chimbalangondo chachikulu, chifukwa ikufotokoza kayendedwe ka nyenyezizo, osati maonekedwe okha.

Chomvetsa chisoni nchakuti lero nyenyezi zosafazo zimalowa. Dziko lapansi limapendama pang'onopang'ono pozungulira, ndipo malo amene thambo limazungulirapo amasuntha nkudzabwerera patatha zaka pafupifupi 26,000. Nthawi ya mapiramidi malowo anali pafupi ndi nyenyezi yotchedwa Thuban, ndipo Meskhetyu anali pafupi nawo. Masiku ano, ukakhala ku Luxor, mwendo wonse umamira kunsi kwa dziko nthawi zina. Madzulo ano ndauona ukutuluka chakumpoto kum'mawa, utaima chilili.

Mbali ina ya denga la Seti ndi ya kummwera: mndandanda wa ma decan, Sah ali m'bwato, Sopdet ali m'bwato lake, ndi mapulaneti. Atatu mwa iwo anali Horus. Jupiter anali Horus wolemba malire a maiko awiri, Saturn anali Horus ng'ombe ya kumwamba, Mars anali Horus wa m'chizimezime, ndipo ankamufotokoza kuti amayenda chafutambuyo. Nzoona, Mars nthawi zina amaoneka ngati akubwerera m'mbuyo pakati pa nyenyezi, ndipo iwo anaziona. Pambuyo pake anadzamutcha Horus wofiira. Mercury anali Sebeg, Venus ankamujambula ngati mbalame ya benu. Ambiri mwa iwo ali m'mabwato. Anthu a mtsinje sakanaganiza kuti chinthu chingawoloke thambo pa china chake.

M'manda a Ramesses VI muja muli Nut, mulungu wamkazi wa thambo, atatambasuka denga lonse kawiri, misana itagundana. Madzulo amameza dzuwa, limayenda m'thupi mwake ngati mipira yofiira yondondozana, m'mawa nkulibala. Ambiri amajambula ameneyu. Koma otiperekeza anandikokera pa tizithunzi tina tosaoneka bwino: munthu wokhala pansi atayang'ana kwa iwe, kumbuyo kwake kuli mizere, pamizerepo pali nyenyezi. Pambali palembedwa ola ndi malo: nyenyezi yakuti pa diso lamanzere, yakuti pa khutu lamanja, yakuti pa phewa, yakuti pakati penipeni. Matebulo otere alipo 24, awiri pa mwezi uliwonse. Akatswiri amati ansembe awiri ankakhala padenga la kachisi moyang'anizana, wina nkumawerenga maola poona nyenyezi zikudutsa pa thupi la mnzake. Pa zonse ndaona lero, ichi ndicho chandisendeza pafupi ndi anthuwo: munthu kukhala duu usiku wonse, kuzizira kwa Touba kukumulowa m'mafupa, kuti mnzake adziwe nthawi ya pemphero.

Denga lakale kuposa onse la mtundu umenewu lili m'manda a Senenmut, kapitawo wa mfumukazi Hatshepsut, a cha m'ma 1470 BC, pafupi ndi kachisi wa Deir el-Bahari. Ife sitinalowemo, tinangoona khomo lake chapatali.

Lamulungu, Dendera

Dendera ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumpoto kwa Luxor, pafupi ndi Qena. Njira yake ndi ya minda ya nzimbe, ndipo ino ndi nyengo yodula, ndiye mathirakitala ndi ngolo za abulu zadzaza msewu.

Kachisi wa Hathor ndi wamng'ono msinkhu poyerekeza ndi zimene ndinaona dzulo: anayamba kumangidwa mu 54 BC, nthawi ya banja la Cleopatra. Denga la chipinda cha mizati analitsuka mwaye, ndipo utoto wake wobiriwira ukuwala mpaka khosi kuwawa ndi kuyang'ana. Koma aliyense amathamangira masitepe opita padenga, kukachipinda ka Osiris, kumene kuli chithunzi chozungulira cha thambo chimene chimatchuka dziko lonse.

Chimene chilipo si chenicheni. Chenichenicho anachidula mu 1821 Mfalansa wina dzina lake Lelorrain, ndi masowo ndi wonga wa mfuti, nkuchikweza m'bwato. Mfumu Louis XVIII inachigula ndi ndalama zokwana mafranki 150,000, ndipo lero chili ku Louvre, ku Paris. Pano anaikapo chofanizira chakuda bii, chovuta kuona. Mu 2022 Zahi Hawass, katswiri wodziwika wa zakale wa dziko lino, anayambitsa pempho loti chibwezedwe pamodzi ndi mwala wa Rosetta. Ine ndili mbali yake. Denga limadulidwa bwanji pa nyumba ya eni ake?

Komabe ndinene maganizo anga ena, ngakhale ena sangakondwe nawo. M'kachipindamo munali gulu la alendo, aliyense akufunsa kuti chizindikiro chake cha mwezi wobadwa chili pati, uyu Leo, uyu Pisces, uyu Scorpio. Akachipeza amajambula nkutuluka, ali ndi chikhulupiriro choti aona nzeru za mafarao. Zizindikiro 12 zimenezo si za mafarao. Zinachokera ku Babylon, zinadzera mwa Agiriki, ndipo zinafika kuno mochedwa, Alexander Wamkulu atalanda kale dzikoli. Pa denga la Seti palibepo ndi chimodzi chomwe. Jean-François Champollion, amene anamasula zilembo za kuno, ndiye anaonetsa kuti chithunzichi ndi cha nthawi ya Agiriki ndi Aroma, pamene ena ku Paris ankati chili ndi zaka zikwi zambirimbiri.

Za eni dziko zilipo, koma uyenera kuzifuna. Pakati penipeni pali mvuu ija, ndi mwendo wa ng'ombe, pano mwendo wokha basi. Chapambali pali Sah akuyenda ndi ndodo m'manja, ndi Sopdet ngati ng'ombe yaikazi yogona m'bwato, nyenyezi ili pakati pa nyanga. M'mphepete mozungulira mwandanda ma decan 36. Ndipo ngakhale zobwerazo anazivala zovala za kuno: Aquarius ndi Hapy, mulungu wa kusefukira kwa Nile, akuthira madzi kuchokera m'mitsuko iwiri. Wosema uja anali ndi mathambo awiri m'mutu mwake, ndipo sanataye la makolo ake polandira lachilendo.

Lolemba, Esna

Ngati mudzakhale ndi tsiku limodzi lokha lopatula, mudzabwere kuno. Esna ali kummwera kwa Luxor, ndipo kachisi wa Khnum ali pakati pa msika, m'dzenje lakuya mamita pafupifupi 9, chifukwa tauni inakwera pamwamba pa zinyalala zake zaka mazanamazana. Umadutsa ogulitsa nsalu ndi zokometsera ndiwo, nkutsika masitepe. Chimene chinatsala ndi chipinda chakutsogolo cha mizati 24, chokongoletsedwa m'nthawi ya mafumu a Chiroma, kuyambira Claudius mpaka Decius cha m'ma 250 AD.

Kwa zaka zambiri anthu ankakhala m'menemu, kusonkha moto, ndipo m'zaka za m'ma 1800 ankasungiramo thonje. Denga linada ndi mwaye ndi zitosi za mbalame. Katswiri wa ku France, Serge Sauneron, anakopera malemba osemedwa a kachisiyu kuyambira m'ma 1950, koma zolembedwa ndi inki yokha sakanaziona. Mu 2018 unduna woona zakale wa dziko lino ndi yunivesite ya Tübingen ya ku Germany anayamba kutsuka, motsogozedwa ndi Christian Leitz kumbali ya yunivesiteyo. Ogwira ntchitoyo ndi akatswiri a konkuno, atakwera pa nsanja, akupukuta kachigawo kakang'ono nthawi imodzi ndi thonje, madzi oyera ndi spiriti. Mwaye utachoka, pambali pa zithunzi za nyenyezi panatuluka maina amene palibe anali atawawerengapo m'nthawi yathu ino. Limodzi mwa iwo ndi Apedu en Ra, atsekwe a Ra, mulungu wa dzuwa.

Ndinakhala pansi pa mzati, mutu uli chagada, nkumaganiza za dzina limeneli. Linalipo gulu la nyenyezi limene wansembe wa ku Esna akanakulozera ndi chala, nkunena kuti atsekwe aja atuluka. Nyenyezizo zikadalipo, mwina tinaziona dzulo usiku. Dzina nalo labwerera. Koma chala cholumikiza ziwirizi chinapita ndi mwini wake, ndipo chithunzi cha padenga si mapu oti ungayezere. Umu ndi m'mene maina a nyenyezi amafera: sasowa m'buku, amasowa munthu woimirira panja usiku ndi mwana.

Zandikumbutsa kuti inenso maina amene ndinatola kwa agogo ndi ochepa, ndipo iwo ankadziwa ambiri. Amene muli ndi achikulire pakhomo, kaya ku Nsanje, ku Chipata kapena ku Angónia, muwatulutse panja mwezi ukakhala mumdima, akulozereni, ndipo mulembe dzina pamodzi ndi malo ake ndi mwezi umene mwaonera. Mukatero munditumizireko.

Padenga pomwepa pali chithunzi cha tsiku loyamba la chaka: Sah, Sopdet ndi mulungu wamkazi Anuket ali m'mabwato oyandikana, Nut ali pamwamba pawo. Sopdet ankabweretsa madzi, Anuket nkudzawaphwetsa patatha masiku pafupifupi 100. Mu 2023 otsukawo anaonetsanso poyera zizindikiro 12 za ku Babylon zija zonse, monga ku Dendera.

Lachitatu, Aswan

M'mawa tinawolokera pa chilumba cha Elephantine kukaona choyezera madzi. Ndi masitepe a miyala otsikira mumtsinje, pakhoma pali mizere yogoba. Ansembe ankawerenga apa kuti madzi akwera kufika pati, ndipo msonkho wa chaka unkadalira muyezo umenewo. Mu 1870 anachikonzanso, ndipo amene anatsogolera ntchitoyo anali katswiri wa nyenyezi, Mahmoud al-Falaki. Lero madzi sakweranso pamasitepewo monga kale. Damu lalikulu la Aswan linatha kumangidwa mu 1970, ndipo kusefukira kunathera pomwepo. Sirius amaonekerabe m'bandakucha, tsopano kumayambiriro a August, koma palibe mlimi amene amamudikira. Sindikudandaula za damu. Lapereka magetsi ndipo lateteza anthu ku njala zaka za chilala. Ndikungoona kuti nyenyezi ikachotsedwa ntchito, dzina lake silichedwa kuiwalika. Ngakhale kuti la Sopdet linayamba kuzilala kale kwambiri, akachisi atatsekedwa.

Pabwalo la Nubian Museum anaikapo miyala yozungulira yochokera ku Nabta Playa, m'chipululu chakumadzulo kwa Abu Simbel. Abusa a ng'ombe anaiimika zaka pafupifupi 7,000 zapitazo. Ndi timiyala tating'ono, tina sitifika m'bondo.

Madzulo tinakwera bwato la thanga. Woyendetsa, amene aliyense amamuitana kuti rayyis, ndi bambo wa Chinubia wa imvi. Mdima utagwa ndinamulozera Sirius, iye anati Shi'ra. Ndinaloza Nsangwe, anati Thurayya, ndipo nditamuuza dzina lathu analibwereza kawiri mpaka analitchula bwino. Kenaka anandilozera yekha nyenyezi yowala pansi chakummwera, nati Suhail, imene Aluya amati ikaoneka m'bandakucha ndiye kuti kutentha koopsa kwayamba kutha. Ndi Canopus, amene kwathu amakwera pamwamba ndithu miyezi ino. Za Sah ndi Meskhetyu anati amazimva kwa operekeza alendo.

Njira imene maina a m'mabuku anadzera inadutsa m'dziko lomwe lino, koma inalambalala akachisi. Cha m'ma 150 AD, ku Alexandria, Claudius Ptolemy analemba m'Chigiriki mndandanda wa nyenyezi zoposa 1,000 m'magulu 48, ndipo magulu ake anali a Agiriki ndi Ababulo. Buku lakelo linamasuliridwa m'Chiarabu, al-Sufi analikonza ndi kuliwonjezera mu 964, ndipo kuchokera m'Chiarabu linalowa m'Chilatini. Nchifukwa chake nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana zimatchedwa Alnitak, Alnilam ndi Mintaka, ndipo Rigel, Aldebaran ndi Betelgeuse onse ndi maina a Chiarabu opotoka m'kamwa mwa Azungu. Mu 1922 bungwe la International Astronomical Union linavomereza magulu 88, malire ake nkusindikizidwa mu 1930. Mvuu mulibe, mwendo wa ng'ombe mulibe. Chokhacho cha dziko lino chimene chinalowa ndi Coma Berenices, tsitsi la mfumukazi Berenice II, mkazi wa Ptolemy III yemwe uja wa mwala wa ku Canopus, ndipo nayenso anali wa banja la Chigiriki.

Bungwe lomwelo linayamba mu 2016 kusunga mndandanda wovomerezeka wa maina a nyenyezi imodziimodzi, ndipo likulandira maina ochokera ku zikhalidwe zina. Mu 2019 linapatsa maiko mwayi wotcha nyenyezi ndi pulaneti yake. Abale athu a ku Zambia anapatsidwa HD 85390, ya m'gulu la Vela: nyenyeziyo anaitcha Natasha, pulaneti yake Madalitso. Siioneka ndi maso okha, imafuna makina, koma ili kuthambo la kummwera, ndipo kwathu imakwera bwino kuposa kuno.

Mawa tinyamuka 4 koloko m'mawa kupita ku Abu Simbel, ulendo wa makilomita pafupifupi 280 m'chipululu. Kumeneko dzuwa limalowa mpaka m'chipinda chamkati cha kachisi wa Ramesses II pa 22 February ndi pa 22 October, ndiye ife tafulumira, sitiliona. Otiperekeza alonjeza kuti dalaivala akaima pang'ono panjira kusanache, kutali ndi magetsi, kuti tikayese kupeza mvuu ija pakati pa nyenyezi za gulu la kumpoto lotchedwa Draco, kumene akatswiri ambiri amaiika.